Mpando wa Kumbuyo wa a Urpo

Ndi bodza lamkunkhuniza zimene mukumvazi, zoti Hilkka Moilanen anakwatiwa ndi a Urpo Kemppainen chifukwa galimoto yake inkasowa katundu kumbuyo. Woyambitsa nkhaniyi ndikumudziwa, ndi mkazi wa abusa, koma dzina sinditchula. Ine ndinalipo kuyambira pogula galimotoyo mpaka tsiku la ukwati, ndiye mvetserani.

Hilkka ndinaphunzira naye limodzi mpaka pamene ine ndi sukulu tinasiyana mwamtendere. Iye anayendetsa galimoto ya makalata zaka 34 m'misewu yonse ya kuno ku Hukkavaara, ndipo sanagwerepo m'ngalande. Kuno munthu akafuna galimoto safunsa ogulitsa, amafunsa Hilkka. Amapita nayo panyanja madzi akaundana, n'kukhota mwadzidzidzi. Ikagwedeza mbuyo ngati bakha, amangobweza makiyi. Malamulo ake ngakhale ana amawadziwa: matayala onse anayi azikoka, akhale a misomali yogwira pa ayezi, mimba ya galimoto ikhale m'mwamba kuti isamakhule sinowo, ndipo mpando uzitentha, chifukwa munthu wozizidwa pokhalira saganiza bwino.

Mwamuna wake anamwalira zaka khumi zapitazo, n'kumusiya yekha m'nyumba ya pamwamba pa chitunda. Pansi pa chitundacho ndi pamene pankakhala a Urpo, chimunthu chachikulu cholowa pakhomo chammbali, chosakwatirapo chibadwire. Ntchito yawo inali yoyendetsa chigalimoto chokankha sinowo pamsewu. Zaka khumi zonsezo, m'mawa uliwonse ankayambira pakhomo pa Hilkka, ngakhale kuti msewu wa kusukulu ndiwo unkayenera kukhala woyamba. Hilkka ankatuluka ndi khofi, iwo n'kumwa, n'kunena kuti, “Kwazizira.” Iye n'kuyankha kuti, “Kwazizira ndithu.” Chibwenzi chonse chinali chimenecho. Amuna a kuno mukuwadziwa, mawu amaumira ngati adzapita nawo kumanda.

Chaka chatha a Urpo anapuma pantchito. Mchemwali wawo wa ku Tampere anawapezera chipinda kumeneko, ndipo a Urpo anati adzanyamuka Khirisimasi ikangodutsa. “Kuno palibenso amene ndingamuthandize,” anatero m'sitolo mudzi wonse ukumva. Hilkka anali pomwepo. Anagula mchere mapaketi atatu, koma anabwerera buledi.

Sabata yomweyo galimoto yake yakale inafa, ndipo ananditenga kuti tikagule ina ku Kajaani. Wogulitsa, a Tauno, atamuona anavula chipewa.

“Mayi Moilanen! Ndakusungirani iyi. Matayala onse anayi amakoka, ikhoza kukwera ngakhale khoma la tchalitchi.”

Hilkka sanaiyang'ane n'komwe. Anapita kuseri kwa mpanda kumene kunali chigalimoto chachitali chobiriwira, chokankha ndi matayala akumbuyo okha, kumbuyoko kopepuka ngati chitini. Anazungulira nacho pabwalo pamene panali pataundana, ndipo chinavina mpaka a Tauno anabisala kuseri kwa mtengo.

“Ndatenga imeneyi,” anatero.

“Mayi, mukufuna anthu azinditukwana? Imeneyo chitunda chanu chija sikwera, pokhapokha muike matumba a mchenga kumbuyo.”

“Olemera bwanji?”

“Makilo 130, mwinanso kuposa.”

Hilkka anamwetulira. Ine ndinamukoka chikhoto. “Iwe, wapenga? Si iwe unamuletsa mlamu wanga kugula yoteroyi?”

“Sylvi, khala chete, ukwere.”

Titafika pansi pa chitunda, pageti penipeni pa a Urpo, matayala anayamba kungozungulira pamodzimodzi. Hilkka analiza hutala. A Urpo anatuluka supuni ili m'manja.

“Mwagula chiyani ichi?”

“Galimoto. Takwerani kumbuyoko, tisazizidwe.”

Atangokhala, galimoto inatsika kumbuyo ngati yagwada, matayala analuma ayezi, ndipo tinakwera bwinobwino mpaka pakhomo. Kumeneko anapatsidwa khofi ndi mabanzi a sinamoni anayi. Ndinawerenga.

Koma mwamuna wabwino mtima ndi wovuta, anzanga. M'mawa mwake a Urpo anafika ndi matumba anayi a mchenga, n'kuwasanja bwinobwino m'buti. “Tsopano simundivutikiranso,” anatero, akunyadira. Hilkka anathokoza nkhope ili ngati wamwa mankhwala. Masana omwewo ndinamuona akumwaza mchengawo panjira ya kutchalitchi. Akuti okalamba angaterereke. Madzulo hutala inaliranso pageti.

A Urpo anabweretsa ena anayi. Amenewo anathera pakhomo la sitolo. Anayi achitatu anathera kumanda, kumene sindinamvepo munthu akudandaula zoterereka. Mwezi wonse wa Disembala kunalibe mudzi wa mchenga ngati wathu, ndipo a Urpo ankakwera chitunda kawiri patsiku, mabanzi n'kuwanenepetsa mpaka lamba anamuboola bowo lina.

Ine zinanditopetsa. “Iwe Hilkka, bwanji osangowauza?”

“Ndiwauze chiyani?”

“Kuti asapite!”

“Ali ndi maso,” anatero.

“Maso ali nawo, koma amangoona sinowo.”

Khirisimasi inadutsa, a Urpo osasintha maganizo. Tsiku lonyamuka anapempha Hilkka kuti akawatule pasiteji ya basi. Ine ndinakwera nawo kutsogolo, chifukwa zinthu ngati izi zimafuna mboni. A Urpo anatsegula buti kuti aike sutikesi. Anakhalitsa kumeneko. Ndinasuzumira pagalasi: anali ataima, atanyamula matumba a mchenga aja opanda kanthu, khumi ndi awiri, ochapa, opindidwa bwino, omangidwa ndi kaulusi kofiira. Ena mwa matumbawo anali atawabweretsa dzulo lake lomwelo.

Analowa kumbuyo. Ulendo wonse kunkangomveka misomali ya matayala pa ayezi. Ine lilime linkandiyabwa, koma ndinaluma mpango.

Tinafika pasiteji. Basi inabwera, n'kutsegula chitseko. Woyendetsa, mwana wa msuweni wanga, anakuwa kuti, “A Kemppainen, tiyeni, ku Tampere n'kutali!”

A Urpo sanasunthe. Anatsokomola.

“Hilkka.”

“Ee.”

“Inu magalimoto mumawadziwa.”

“Ndimawadziwa.”

“Ndiye iyi munaigula mukudziwa.”

“Ndinali ndisanaledzere.”

Khutu lawo linafiira, kenako linzake. Woyendetsa basi analiza hutala. A Urpo anatsitsa galasi n'kumubayibitsa ndi chidzanja chawo chija, basi n'kunyamuka.

“Kwazizira,” anatero.

“Kwazizira ndithu,” anayankha Hilkka, akulowetsa giya. Ankaseka, misozi ili mbwee, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire anatsala pang'ono kutigwetsera m'ngalande. Akakana, mundifunse ine.

Ukwati unachitika mu Febuluwale, sinowo atafika m'mawindo. Tchalitchi chathu nachonso chili pamtunda, choncho mkwatibwi ndiye ankayendetsa, nsapato za ubweya zili kunsi kwa diresi, mkwati ali phee kumbuyo, maluwa ali pamiyendo. Anthu ataona zimenezo anaseka mpaka ena kukhala pansi pa sinowo, ndipo bodza lija linabadwira pomwepo. Mchemwali wa ku Tampere anabwera atakwiya, koma atadya nsomba yowamba mbale ziwiri anavina ndi a Tauno. A Tauno m'mawu awo anati galimoto yokoka matayala anayi ija ikadalipo, ndipo angasinthane nawo mosavuta. Hilkka anati aisunge okha. A Urpo nawonso anayankha a Tauno kuti, “Ayi.” Anthu anawomba m'manja, chifukwa aka kanali kachiwiri kokha kuwamva akulankhula pagulu.

Mpaka lero Hilkka ndiye amayesa magalimoto a mudzi uno panyanja, ndipo malamulo ake sanasinthe. Wachinyamata akaloza chigalimoto chobiriwira chija n'kufunsa kuti nanga inuyo bwanji, amamuyankha kuti, “Iwe uli naye woti akhale kumbuyo?” A Urpo adokotala anawauza kuti achepetse thupi. Hilkka anavomera, koma anati ayambe mu Meyi, ayezi akasungunuka, ndipo pofika Okutobala akhale atabwezeretsa.

Ndiye mukakumana ndi mkazi wa abusa uja mumuuze kuti nkhaniyi anaigwira chadodolido. Hilkka sanakwatiwe kuti galimoto ikwere chitunda, anagula galimoto yosakwera chitunda kuti a Urpo asapite.