Ekiselo ya Galimoto ya a Mwalwimba

Lachitatu, pa 14 Juni 2023, a Yotamu Mwalwimba atagona m'chipatala ku Mzuzu diso lamanzere lili lomatidwa, mlamu wawo, a Reginald Kayira, analowa pakhomo pawo pa Uliwa dzuwa likuswa mtengo, natenga ekiselo yakumbuyo ya galimoto yawo pamodzi ndi matayala ake awiri. Sanachite mobisa ayi. Anapatsidwa mpando, anamwa tiyi, kenaka iwo ndi anthu atatu anagubuduza chitsulocho kudutsa pachipata ngati chawo. Pofika Loweruka chinali chitawotchereredwa kunsi kwa ngolo.

A Mwalwimba anabadwira ku Sangilo mu 1951, mwana wa msodzi koma wopanda mtima wa ukonde. Mu Januwale 1967 ankayenda pansi, sutikesi ili pamutu, kupita ku Chilumba kukakwera sitima ya kusukulu, pamene kagalimoto kofiira kopanda denga kanaima pambali pawo. Kanali ka mtundu wa Triumph, ka mipando iwiri yokha, kachifupi moti ukagwetsa dzanja ukhoza kutola mwala mumsewu. Mwini wake, mzungu woyeza madambo a mpunga, anawakweza. Ulendowo sunakwane ndi theka la ola, koma atatsika analemba nambala ya kagalimotoko pachikuto cha buku la masamu. Bukulo alinalo mpaka lero.

Anaphunzitsa luso la zitsulo m'masekondale zaka makumi atatu ndi zitatu. Ana amene anawakhotetsa makutu chifukwa cha mzere wopindika ena ndi mainjiniya tsopano. Atapuma ntchito anabwerera pa Uliwa ndi mkazi wawo, a Emma Nyakayira, ndipo mu 2017, akuchokera kumaliro ku Mwenilondo, anaona chinthu chofiirira kuseri kwa chigayo. Nkhuku zinkaikira pamene dalaivala amaponda. Anapukuta nambala ndi mpango wawo wa m'thumba. Inali yomweyo. Sabata yotsatira kanafika kunyumba pa lole.

Amakanika a pamsewu anawauza kuti angopala pamwamba ndi kupaka penti. A Mwalwimba anati kupaka penti pa dzimbiri ndi bodza lomwelo ngati kulembera mwana mayeso. Galimoto zakale zoterezi zimakhala mbali ziwiri. Pansi pali tchesisi, amene ndi mafupa ake, onyamula injini ndi matayala. Pamwamba pali bodi, yongomangidwa ndi mabawuti. Wofuna kuchiza matenda ayenera kuchotsa bodi kuti aone mafupa.

Ntchitoyo inawatengera zaka. Bawuti lililonse ankalidontheza palafini m'mawa ndi madzulo, lina milungu itatu lisanagonje. Likamasuka linkalowa m'chitini chake cholembedwa dzina ndi malo. Waya aliyense anamumangirira kapepala. Pamalo a zitseko anapingasa zitsulo, kuopa kuti bodi ingapindike pakati poinyamula. Mu Ogasiti 2021 anaitanitsa asodzi asanu ndi atatu a ku Sangilo, anthu odziwa kusenza bwato osasweka, ndipo analowetsa milongoti ya bulugama kunsi, kuimba nyimbo yawo yokokera, kukweza bodi yonse mwakamodzi ndi kuikhazika pa migolo inayi. A Mwalwimba amati tsiku limenelo linaposa la ukwati wawo. A Nyakayira anamva, ndipo sanaiwale.

Apa ndi pamene panayambira vuto. Kuno galimoto ikachotsedwa bodi, aliyense amadziwa kuti yafa ndipo ikugawidwa. Mipando imapita pakhonde, masipuling'i kwa osula zikwanje, bodi imakhala khola la nkhuku, ndipo ekiselo, imene ndi nyama yonona pa zonse, imapita ku ngolo. Anthu anayamba kufika pachipata manja ali kumbuyo. Wina anapempha galasi. M'busa wina anapempha hutala kuti aziitanira mapemphero.

A Mwalwimba anatulutsa bolodi lakuda limene anachoka nalo popuma ntchito, najambula tchesisi ndi bodi, ndi muvi woloza pansi kusonyeza kuti ziwirizi zidzakumananso. Anthu anagwedeza mitu mwaulemu. Potuluka ankauzana kuti aphunzitsi akuumira nyama.

Pofika Meyi 2023 tchesisi anali atapalidwa mpaka kuwala, atapakidwa penti yakuda kawiri. Ekiselo anaimasula, naitsuka mkati, naiika mabering'i atsopano amene mwana wawo Towera anasaka miyezi isanu ndi iwiri, naikhazika pa njerwa itafunditsidwa chiguduli. Panatsala kuibwezera. Ndiye ng'ala ya m'diso inawatengera ku Mzuzu masiku khumi.

Atabwerako sanalowe m'nyumba. Anapita kuseri kukaona ntchito yawo ndi diso latsopano, ndipo chinthu choyamba chimene disolo linaona bwino chinali njerwa zinayi ndi chiguduli chopindidwa mwaluso.

“Nyakayira! Ekiselo ili kuti?”

“Mwabwerako bwanji, awiske Towera? Diso likuona?”

“Likuona kuti ekiselo palibe.”

“Alongo anga anadzapempha. Yawo inathyoka mpunga uli m'dambo. Ndikanawakaniza chitsulo chongogona pa njerwa?”

“Chongogona? Ine ndinagona m'chipatala masiku khumi. Bwanji simunandipereke inenso?”

“Inu palibe anadzapempha,” anatero a Nyakayira, nabwerera kukapeta mpunga, umene unali wochokera kwa alongo awowo.

A Mwalwimba anakawapeza a Reginald pa msika wa Uliwa akutsitsa matumba. Ngolo inali yopakidwa penti yobiriwira, ndipo kunsi kwake kunali ekiselo ija, itawotchereredwa ku zitsulo ziwiri ndi munthu amene mwachionekere sanalowepo m'kalasi mwa a Mwalwimba.

“Alamu! Mwachira? Yewo chomene chifukwa cha mphatso. Imayenda ngati ikusambira. Ng'ombe zikukupatsani moni.”

“Si mphatso. Ndi ekiselo ya galimoto imene ndikukonza.”

“Galimoto iti? Ili pa migolo ija? Alamu, ng'ombe mwaisenda, chikopa mwayanika, ndiye mukuti mawa ikadya msipu?”

Anthu a pamsika anaseka. A Mwalwimba anayang'ana ng'ombe ziwiri zimene zinali m'goli ndipo anazizindikira. Zinali za mphumi yoyera, mtundu wa zisanu ndi imodzi zija zimene bambo awo anapereka kwa a Kayira mu 1978 polowola a Emma. Ng'ombe zawo, ekiselo yawo. Cha a Reginald pangolopo chinali chikwapu basi.

A Reginald analonjeza kubweza mpunga ukatha. Mpunga unatha. Anati adikire atute njerwa za tchalitchi. Njerwa zinatha, kunabwera manyowa. Mu Febuluwale 2024 mvula itadula msewu wa kumtunda, ngolo ija inanyamula mayi wodwala matenda a kubereka mpaka kuchipatala, ndipo mwana anabadwa wamoyo. Kuyambira pamenepo a Mwalwimba akatchula ekiselo, anthu amawayang'ana ngati akufuna kubwezera mwanayo m'mimba. Mkulu wa mpingo anabwera kudzawawerengera vesi la kupatsa. Iwo anamuwerengera lamulo lachisanu ndi chitatu, loti usabe, ndipo tiyi anazizira m'makapu.

Sanali munthu wouma mtima, ngakhale pa Uliwa akunena zimenezo. Ngolo ikufunika, iwo akudziwa. Choncho mu Epulo anakwera minibasi kupita ku Boma, nafufuza kwa a Musa ogulitsa zitsulo zakale, napeza ekiselo ya pikapu, yolimba kuposa yawo, yoyenera matumba makumi awiri. Anaitula okha pakhomo pa a Reginald. Anadzipereka kuti aimanga ndi manja awo, ndi mabawuti, monga ntchito imayenera kukhalira.

A Reginald anaizungulira, naiponda ndi phazi.

“Yayi, alamu. Iyi ndi yolemera. Ng'ombe zanga zazolowera yopepuka ija. Mukufuna zidwale msana?”

“Ng'ombe zanu?”

“Aa, mwayambanso za 1978? Ndiye tibweze ng'ombe, inu mubweze mlongo wathu.”

Ekiselo ya pikapu ili pomwepo mpaka lero. Maungu ayangapo.

Ina yofanana ndi yawo kulibe. Towera anafunsa ku Lilongwe, ku Mbeya, mpaka ku Joni. Imene ilipo m'dziko muno mwina ndi yomweyo, ndipo tsiku lililonse imasenza katundu woposa amene anaipangira. A Mwalwimba amaimva ikamadutsa. Mabering'i a kumanzere ayamba kulira, kulira kowonda kumene makutu a a Reginald sakumva. Akatha mabering'iwo chidzadyeka ndi chitsulo chenichenicho, ndipo pamenepo sipadzakhalanso chobweza.

Injini anamaliza. Imalira bwino pa tchesisi wa matayala awiri akutsogolo, kumbuyo kuli pa zitsa. Bodi anaipaka penti yofiira ndipo ili pa migolo yake, yofunditsidwa lona, pakuti singabwerere pa mafupa opanda miyendo. Awiri mwa asodzi aja amwalira. Dokotala wa ku Mzuzu anati diso lamanja nalo layamba mtambo. A Mwalwimba safuna zambiri: kuyendetsa kamodzi kuchokera pa Uliwa kukafika ku Sangilo, kudutsa pamalo paja anaimitsidwa ndi sutikesi pamutu, akuonabe msewu.

Alembera a Reginald makalata asanu ndi imodzi. Onse a Nyakayira anakapereka, ndipo ulendo uliwonse anabwerako ndi nthochi. Tsono mwezi wathawu a Mwalwimba anatulutsanso bolodi lija, nalikhomera pa mtengo wa mango pachipata, pamene ngolo imadutsa m'mawa uliwonse. Pambali pake anapachika choko pa chingwe. Mvula ikafufuta amalembanso, ndi zilembo zoongoka zomwe zija:

“A Reginald Kayira. Munatenga ekiselo yanga pa 14 Juni 2023 ine kulibe. Ina ndinakupatsani, ili pakhomo panu. Sindikufuna nthochi, sindikufuna vesi. Mudzabweza tsiku liti? Choko ndi ichi. Lembani tsikulo apa.”