Tsiku Losankha Timu ya Dziko

Mkazi wanga anali ndi pakati pa miyezi itatu tsiku limene ankasankha amayi oti alowe m'timu ya kiriketi ya dziko. Tinkadziwa ndife awiri basi.

Masewerawo anawaphunzira ali mwana, pakuti bambo ake ankatchetcha udzu pabwalo la amwenye. Osewera ambiri amadziwa chimodzi, kuponya mpira kapena kuumenya. Iye ankatha zonse, ndipo timu ya Lusaka sinkapita kukasewera ku Kopala, dera la migodi, kumusiya. Ine ndinali nditamaliza koleji m'zaka zimene makampani a boma ankagulitsidwa. Ntchito kunalibe, ndiye ndinkagulitsa salaula, zovala zakaunjika, kukomboni kwathu ku Matero.

Mpira wa kiriketi ndi wouma ngati mwala. Womenya amavala zotchinga m'miyendo ndi m'manja, koma pamimba palibe chilichonse. M'minibasi m'mawa uja ndinamuuza kuti ndikawaululira akochi za pakatipo.

"Mukakamba, sinizakukhululukilani," anayankha akuyang'ana pawindo. "Nipatseniko chabe lelo."

Titafika, akochi, bambo wachikulire wa kukomboni ya Garden, anandikokera pambali.

"Mulamu, bakazi banu baoneka ofooka. Bali bwino?"

"Bali bwino, ba kochi."

Mkazi wanga anayamba ndi kuponya. Ankathamanga masitepe khumi ndi awiri, kudumpha, n'kutera ndi phazi lamanzere thupi lonse likupotoka. Ndinawerenga kutera kulikonse. Kawiri anagwetsa timitengo timene womenya amateteza, anzake n'kumukumbatira mwamphamvu kwambiri moti ndinayang'ana kumbali. Nthawi yopuma anapita kuseri kwa thanki kukasanza.

"Vitumbuwa va pa sitesheni ivo," mnzake wina anamuseka. "Bamuna bako basaukilatu?"

Iye anaseka nawo.

Masana inafika nthawi yake yomenya. Woponya anali mtsikana wamtali wa ku Kopala, amene ankafunanso malo omwewo. Bwalo linali louma, long'ambika. Mpira wachitatu unagwera pa mng'alu, n'kudumpha, n'kumugunda mkazi wanga m'mbali, pansi pa nthiti. Ndinamva kugundako ndili kunja kwa chingwe cha malire a bwalo. Anagwada.

Ndinazindikira kuti ndawoloka chingwecho. Akochi anali pafupi, akanandimva ndikanangonong'ona. Mkazi wanga anadzutsa mutu, kundiyang'ana, n'kupukusa kamodzi. Ndinabwerera n'kukhala pansi. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinachita bwino.

Anadzuka n'kumenya kwa ola lina lathunthu. Sindikumbukira mpira ngakhale umodzi. Ndinkangoyang'ana buluku lake loyera, ngati patuluke magazi.

Dzuwa litapendeka anawerenga mayina. Lake linali lachitatu. Anadikira kuti mndandanda uthe, kenako anapita kwa akochi n'kuwauza za pakatipo motsitsa mawu. Akochi anavula chipewa, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Malo ake anapatsa mtsikana wamtali uja.

Tinapita molunjika kuchipatala. Namwino anaona pamene panatupa, anatikalipira tonse, n'kunena kuti tidikire sabata. Tikaona magazi tibwere msanga.

Tikuyenda kubwerera ndinamufunsa chifukwa chake, popeza ankadziwa kale kuti sapita ndi timuyo.

"Nenze kufuna bakambe beka kuti nikwanisa," anatero. "Nikabeleka bazaniibala. Manje bazanifunafuna."

Sabata yonseyo sindinamulankhule. Ndinkamutungira madzi, kumuphikira, kuyang'ana zofunda m'mawa uliwonse, pakamwa pali tseke. Iye ankandifunsa za malonda, ine n'kutuluka panja.

Magazi sanabwere. Mwana anabadwa wamkazi, wathanzi. Patapita zaka ziwiri akochi anabweradi ku Matero kudzamufuna mkazi wanga, ndipo iye anavala malaya a dziko, n'kukasewera kunja maulendo atatu. Mkazi wanga anamwalira ndi matenda pamene mwana wathu anali ndi zaka zisanu.

Tinakhala m'banja zaka zisanu ndi ziwiri. Ndikamaziwerenga, sabata ija ndimaichotsapo.