Kamluzu m'nyimbo ya amayi

Dzina loti a Makutu sanadzipatse okha. Anawapatsa ndi oimba, kalekale, situdiyo yawo ikadali galaja yonunkha oilo, makoma atamatidwa matileyi a mazira. Gitala ikangophonya pang'ono, mwiniwake asanazindikire n'komwe, iwo amakhala atakweza kale chala. "Waya wapakatiyo, tamukokani." Oimba ankatukwana chamumtima, koma akatuluka panja ankauzana kuti mdala uja amamva ngakhale nyerere ikatsokomola.

Sanali munthu wotchuka. Nkhope yawo sinaonekepo pa chikuto cha chimbale chilichonse. Ntchito yawo inali kukhala kuseri kwa galasi, kujambula mawu, kenako kutsala okha n'kumasakaniza: ng'oma apa, besi apo, mawu a woimba pamwamba. Obwera kwa iwo anali oimba odziimira paokha, opanda kampani yowagwira dzanja, aja amagwira ntchito sabata yonse n'kumaimba Loweruka. Ndipo m'galajamo munali lamulo limodzi: mahedifoni a pa tebulo lawo savala munthu wina, ndipo nyimbo siimvedwa isanapse. "Amalawa ndi wophika," ankatero. "Mlendo amadikira mbale." Poyamba lamuloli linali matama chabe. Pambuyo pake linasanduka pobisalira.

Paja ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Makutu aja anayamba kufa mwakachetechete. Tsiku lina anaona kuti mbalame za pa waya wa magetsi zikungoyasamula, osalira. Kenako ketulo inasiya kuimba. Mawu onse opyapyala anachoka mmodzimmodzi, osatsanzika, n'kutsala okhuthala okhaokha, besi ndi ng'oma, amene ankawamva bwino akaika chikhatho pa sipika. Anapita kuchipatala mozemba. Adokotala anawauza mosapsatira kuti zimene zapita sizibwereranso, ndipo zotsalazo nazo zili pa ulendo. Anabwerera kunyumba n'kuyamba kuphunzira kuwerenga milomo ya anthu. Ukawalankhula uli kumbuyo, ankanamizira kutanganidwa.

Sanauze munthu. Akanayambira pati? A Makutu osamva ndiye kuti ndani? Manyazi anapha lambe, koma iwo ankaona ngati mwambiwo ukunena ena.

Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi, woluka tsitsi mu saluni, amene anatengera mawu a mayi ake ndi makani a bambo ake. Chimbale chake choyamba anachijambula makutu akadali amoyo. Zinali nyimbo zovinira, zothamanga, kiyibodi ili ngwengwengwe, nkhani zake anyamata olonjeza ndi mafoni osayankhidwa. A Makutu ankachita nazo manyazi, bambo ndi bambo, komabe anazisalaza mpaka zinawala.

Chachiwiri chinabwera mnyamata amene ankamulonjeza ukwati atakwatira wina. Nyimbo zinachepetsa liwiro. Mtsikanayo tsopano ankaimba za kudikira basi mvula ikugwa, za kuseka ndi makasitomala mtima ukulira. Apa n'kuti makutu atatha mbali yaikulu, ndipo a Makutu anasakaniza chimbale chonse ndi chikhatho. Besi inadzaza paliponse, zowala zonse zinamira, mawu a woimba ankamveka ngati akuchokera m'chipinda china. Mtsikanayo atachimva anawafunsa.

"Bambo, mwachita dala?"

"Unandionapo ine ndikuchita zinthu mwangozi?"

Chimbale chinatuluka. Muulutsi wina wa pa wailesi anachitamanda mpaka thovu kukamwa. Akuti mtsikanayu wakula, wasiya zibwana, tamverani mdima umene uli m'nyimbozi. A Makutu sanamumve muulutsiyo. Anawerenga mawu akewo pa milomo ya mwana wawo, amene ankawabwereza akudumphadumpha pabalaza. Anaseka naye limodzi. Ndiwo anthu a pa wailesi amenewo, ukawapatsa chilema amachitcha luso. Oimba ena anayamba kubwera kudzapempha mdima womwe uja, ndipo bodza linayamba kuwadyetsa.

Chimene chinkawawawa kwenikweni chinali kunyumba. Akazi awo anali ndi mawu opyapyala, ndipo anali m'gulu la zinthu zoyambirira kuzimiririka. Mayiwa ankakonda kuimba akamasita zovala, kanyimbo kopeka okha, kopanda mutu. Zaka zonse amuna awo ankawanyengerera kuti alowe mu situdiyo, iwo n'kumakana. "Ine ndiziimbira chitsulo? Chindiyankha chiyani?" Tsopano a Makutu ankaima pakhomo n'kumaona milomo ikuyenda, nthunzi ikukwera pa malaya, koma nyimbo osaimva. Anazindikiranso kuti mayiwa asiya kuwaitana ali kukhitchini. Ankabwera, kuwagwira paphewa, n'kulankhula atawayang'ana. Sanafunsepo kanthu. A Makutu nawo sanafune kuganiza kuti zikutanthauza chiyani.

Kenako mayiwa anadwala. Thupi linatha, mphete inayamba kuvuka yokha. Mwana uja ankati akaweruka ku saluni n'kukhala pambali pa bedi, ndipo nyimbo zatsopano zinabadwira pamenepo: za mabotolo a mankhwala pa windo, za beseni, za pilo wotembenuzidwa kuti azizire. Tsiku lina anabwera m'galaja muja.

"Chachitatuchi sindikufuna ng'oma, bambo. Besinso ayi. Gitala ndi mawu basi. Ndipo nyimbo yotsekera aimba amayi, ija yositira. Avomera."

 Chimbale chopanda ng'oma ndi besi, chikhatho chikagwira chiyani? A Makutu anayamba kuzungulira. Anati zipangizo zawo zakalamba, bwanji apite kwa anyamata a masitudiyo atsopano. Anati anthu anakonda mdima uja, bwanji osaikamo besi pang'ono.

"Mdima uja unali wanu, bambo. Ichi n'changa ndi amayi. Ndipo mawu a amayi akajambule mlendo inu muli moyo? Anthu adzati chiyani?"

 Mpata wonena zoona unali pamenepo, chitseko chili pululu, koma iwo anangokanda m'mutu n'kuti, "Chabwino."

Anasankha m'mawa, nthawi imene mayiwa amakhalako ndi timphamvu. Anawanyamula pa mpando mpaka m'galaja, n'kuwafunditsa bulangete m'miyendo. Mahedifoni mayiwa anawakana, akuti akuwalemera m'mutu, choncho mwana anakhala pambali pawo ndi gitala kuti aimbe pamodzi, maikolofoni ali pakati. A Makutu analumikiza waya wawo wakale wa maikolofoni, uja ankamukhulupirira kuposa onse.

"A Makutu," anatero mayiwa akumwetulira, atawayang'anitsitsa, "lero ndiye mundimva. Zaka zonsezi ndimangoimbira malaya anu."

Mtsikanayo anaika gitala pansi. "Bambo, ndimvereko kaye pang'ono tisanayambe. Amayi sangabwereze kawiri."

"Mupatseni mahedifoniwo, bambo ake," anatero mayiwa pang'onopang'ono, akutsegula bwino milomo. "Ndi mwana wanu ameneyu."

A Makutu anayang'ana batani la mahedifoni. Linali litapotozedwa mpaka kumapeto, phokoso loti munthu wa makutu abwino angagwe nalo pa mpando. Mwanayo akangovala, zonse ziululika, pamaso pa mkazi wodwala. 

"Lamulo ndi lamulo," anatero, akudzikakamiza kuseka. "Tiyeni, mphamvu zisanathe."

Mayiwa anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anatseka maso n'kuyamba. A Makutu anakhala kuseri kwa galasi. M'makutu mwawo munkangofika waya wokhuthala wa gitala, du, du, du. Zina zonse ankaziona ndi maso: khosi loonda likukwera n'kutsika, dzanja likuyenda pa bulangete ngati likusita, mzere wobiriwira pa kompyuta ukudumpha. Mzere ukudumpha ndiye kuti zikulowa, anadzilimbitsa mtima. Nyimbo itatha mayiwa anatsokomola mpaka misozi.

"Zalowa?" anafunsa mwana uja.

"Zalowa. Akumveka bwinobwino."

Mayiwa anakhalabe ndi moyo kwa masabata angapo. Masiku oyambirira akanatha kuyesanso. Ankafunsa kuti nyimbo yawo adzaimva liti, amuna awo n'kumati yatsala pang'ono kupsa. Zoona zake n'zakuti ankadzitsekera m'galaja n'kumangoyang'ana mzere uja, kuopa kuukhudza, kuopanso kuutulutsa. Mayiwa anamwalira asanaimve.

Maliro atatha, alendo atabalalika, mtsikanayo analowa m'galaja osagogoda.

"Lero lamulo lanu lidikire panja, bambo. Ndikufuna amayi anga."

Anatenga mahedifoni, kuvala, n'kudina yekha kuti nyimbo iyambe. Nthawi yomweyo anakuwa n'kuwaponya pa tebulo, atagwira makutu. Anayang'ana batani lija, anayang'ana bambo ake.  Anatsitsa, n'kuvalanso, n'kutembenukira kukhoma. A Makutu ankangoona msana wake. Anaona mapewa akuuma.

"Wamva mmene mawu ayerera?" anatero a Makutu.

Msana uja sunasunthe. Patapita nthawi mtsikanayo anatembenuka, nkhope ili nyowe.

"Bambo, ndakhala ndikukufunsani, simukuyankha. Muli mluzu umu. Kuyambira poyamba mpaka pothera. Ukukwera, ukutsika, uli pamwamba pa amayi. Simukuumva?"

 A Makutu anakhala pa sipika. Waya wokhulupirika uja anali atawola m'kati, ndipo ankalira m'mahedifoni mwawo nthawi yonse imene akazi awo ankaimba. Mwana wa sukulu akanamva. Iwo anakhala pamenepo akugwedeza mutu.

"Amayi ako akumveka?"

"Pansi pake. Ngati munthu woitana ali tsidya lina la msewu, magalimoto akudutsa." Anapukuta m'maso. "Zinayamba liti?"

Anamuuza. Za mbalame, za ketulo, za adokotala.

"Ndiye mdima uja, uja ananditamanda nawo kuti ndakula?"

"Unali ugonthi, mwana wanga."

"Mukanangondipatsa mahedifoni, bambo! Ndinapempha. Amayi anakupemphani. Waya wina anali pakhoma pomwepo!"

Anatuluka, chitseko n'kuchisiya chosatseka.

Madzi akatayika sawoleka, koma a Makutu anagwada pansi n'kuyamba kuwola. Kamluzuko kakanakhala pamalo amodzi akanakadula mosavuta. Koma kankayendayenda, ndipo kankadutsa momwe munkadutsa mawu a mayiwa. Ukadula iko, wadulanso iwo. Anatenga nyimboyo n'kuyenda nayo m'masitudiyo a anyamata aja ankawanyoza, chipewa kumanja. Paliponse ankayamba ndi mawu amene anawakanika kunena kunyumba kwawo: "Ine sindimva, ndithandizeni." Anyamatawo ankayesa, n'kupukusa mitu. Mbiri inawanda, oimba anasiya kubwera m'galaja muja. Iwo sanasamale n'komwe. Dzina limene analitchinjiriza mpaka kutayirapo mawu a akazi awo analigawa okha khomo ndi khomo, ndipo silinagule kanthu.

Anatsala ndi njira imodzi, kubwereka makutu a mwana wawo. Anakamupempha ku saluni, pamaso pa makasitomala. Mtsikanayo anabwera, popeza bambo ndi bambo. Akaweruka ankafika zala zikununkha mafuta a tsitsi, n'kuvala mahedifoni. Iwo ankakhala atagwira ntchito tsiku lonse, kudula kachidutswa apa, kutsitsa apo, zonse mongoyerekeza ndi maso.

"Pano?"

"Ulipo."

"Nanga pano?"

"Wachoka. Koma amayinso achoka nawo."

Miyezi inapita choncho. Nyimbo zina zonse za chimbalecho zinangokhala, zosamaliza. Mtsikanayo anasiya kugwira gitala. Tsiku ndi tsiku ankamvera mayi ake akumira pansi pa mluzu, ndipo zinkamudya. Anaonda, maso analowa. Anapempha kuti angoisiya nyimboyo, atulutse zinazo. A Makutu anamugwira manja onse awiri. "Kamodzi kokha, mwana wanga. Mawa ndiyesa njira ina." Mawa lake ankanenanso zomwezo. Ankaona bwinobwino kuti akumuzunza mwanayo, koma kuleka kunali ngati kuwaika m'manda akazi awo kachiwiri.

Madzulo ena, dzuwa likulowera pa windo la galaja, mtsikanayo anamvera nyimbo yonse osaimitsa. Itatha anavula mahedifoni mofatsa, n'kuwayang'ana bambo ake m'maso. Analankhula pang'onopang'ono, akutsegula bwino milomo ngati mmene ankachitira mayi ake.

"Wachoka, bambo. Mwautha. Amayi akumveka bwinobwino."

Koma munthu amene wakhala zaka akumvera anthu ndi maso sanamizika ndi nkhope. A Makutu anali ataona zikope za mwanayo zikuphethira pakati pa nyimbo, pamalo pomwe ankaphethira masiku onse, pamene kamluzu kamakwera. Mawu amene anawauzawo anawazindikiranso. Anali awo omwe, aja ananena m'mawa uja ali kuseri kwa galasi.

Anayang'ana manja oonda a mwana wawo. 

"Zikomo, mwana wanga. Pita ukapume. Mawa ubwere ndi gitala, timalize zinazo. Uzidzamvera ndiwe."

Mtsikanayo anawagwira paphewa n'kutuluka. A Makutu anatola mahedifoni, akadali ofunda, n'kuvala. Anapotoza batani mpaka linakana, n'kudina kuti nyimbo iyambirenso. Waya wokhuthala wa gitala unafika, du, du, du. Iwo anasendera pafupi ndi kompyuta n'kudikira. Mzere wobiriwira unadumpha, kusonyeza kuti akazi awo ayamba kuimba.