Mmene Ndinalumikizira Amayi ndi Mkamwini Wawo

Kukalabu ya mafilimu kusukulu kwathu ku Wimbe tinali ndi foni imodzi yokha, yong'aluka pakona. Aphunzitsi anatiuza kuti pojambula anthu awiri akucheza, uyambe ndi mmodzi, kenako winayo. Wina ayang'ane kumanja, mnzake kumanzere. Ujambulenso aliyense ali chete ngati akumvetsera. Ukadula bwino n'kulumikiza, woonera amakhulupirira kuti anali pamodzi.

 Nditamva zimenezo ndinaganiza za alamu anga, amuna a achemwali anga.

Chaka chimenecho dzina lawo silinatuluke pa makuponi a feteleza, ndipo chimanga chawo chinayamba chikasu. Amayi anali ndi thumba la feteleza wobereketsa m'nyumba. Koma mkamwini angayang'ane apongozi ake kumaso n'kupempha? Akakumana panjira, alamu ankapatukira m'fodya.

Loweruka foni inali kwa ine. Alamu ndinawakhazika m'chigafa, momwe timayanika fodya.

"Ndi sewero chabe, alamu. Yang'anani mzatiwo, mupemphe feteleza."

"Iwe, mzati ndiupemphe feteleza?"

"Ukakana mundiuze."

Anaseka, kenako anapempha. Mawuwo anachokera pansi pa mtima, chifukwa sizinali zongopeka.

Mawa lake, dzuwa lili pomwepo kuti mithunzi ifanane, ndinakhazika amayi m'chigafa chomwecho, mbali inayo. Iwo ndinawauza kuti ndi sewero la mlendo amene akupempha mchere.

"Mcherewo tengani, bambo, ndi wathu tonse. Mukuopa chiyani?"

Tinabwereza kanayi, chifukwa tambala ankangolira pakati pa mawu. Polumikiza ndinadula "mcherewo". Pamene alamu akupempha ndinaikapo nkhope ya amayi ikugwedezera mutu, chonsecho ankathamangitsa ntchentche. Maso awo anakumana ndendende. Ndinavina ndekha kuseri kwa khola!

Lolemba masana ndinaonetsa azimayi amene ankasoka fodya ndi amayi. Foni inayenda dzanja ndi dzanja.

"Mayo ine! Mwayamba liti kuyang'anizana ndi akamwini?"

"Ine? Liti?" anatero amayi, n'kulanda foni. Anaonera kawiri. Kachiwiri sanadziyang'ane okha, ankamvetsera mawu a alamu.

Alamu, amene ankabwera ndi mtolo wa masamba, atamva mawu awo m'foni anautula pansi n'kulowa m'munda.

Amayi anandigwira khutu n'kulipotokola. "Mwana wopanda mwambo iwe! Ndiye anthu andimva ndikulonjeza, ndibweze bwanji?"

Asanalisiye khutulo anaitana achemwali anga, akazi a alamuwo. "Tenga ndowa, ukagawe thumba lija pakati. Uwauze amuna ako kuti akathire lero, nthaka ikadali yonyowa."

Kusukulu aphunzitsi anati kuwala kunafanana bwino, koma tambala akumvekabe. Alamu sanandiyankhule sabata yathunthu. Chimanga chitakhwima ananditumizira zinayi zowotcha, koma mpaka lero akandiona ndagwira foni amatembenuka n'kundipatsa nkhongo.