Pamene Ndinasiya Ufa ndi Shuga

Zipani zitangochuluka m'dziko muno, ndinayamba kumva ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi. Ndinapalasa njinga kuchoka kwathu ku Mkanda mpaka kuchipatala ku boma. Adokotala anandiyeza magazi n'kundiuza kuti ndi matenda a shuga. Anati ndichepetse nsima, buledi ndi zotsekemera, ndizidya masamba, nsomba, mazira ndi nyama.

Ine kuchepetsa sindikudziwa. Fodya ndinasiya tsiku limodzi, mowanso chimodzimodzi. Nditafika kunyumba ndinauza akazi anga kuti chilichonse chodzera kuchigayo kapena kugolosale chisafikenso m'mbale yanga. Ndinawauzanso kuti nkhani ya matendayi isatuluke pakhomo. Mwamuna wodzaza chigafa cha fodya ndi manja ake salengeza matenda.

Masabata oyamba anali owawa. Ndikadya nkhwani, dzungu ndi usipa, mimba inkadzaza koma mtima unkati sindinadye. Kumunda khasu linkalemera dzuwa lisanakwere. Chitunda chimene kale ndinkakwera ndi thumba la mtedza pakaliyala ndinayamba kuchikwera wapansi, ndikukankha njinga yopanda katundu. Anthu akamadutsa ndinkawerama ngati ndikukonza tcheni.

Chondizunza kwenikweni chinali tiyirumu ya pamsika. Kwa zaka zambiri ndinkakhala pabenchi lake Loweruka lililonse ndi kapu yaikulu ya tiyi wa mkaka, masipuni anayi a shuga, sikono ziwiri zotentha. Tsopano fungo lake linkandipeza ndikadali kutsidya kwa msewu, malovu n'kudzaza m'kamwa.

Akazi anga ndi amene anapeza nzeru. Ankandiikira mbatata yootcha m'thumba lina la jekete, linalo bwemba kapena masuku, malinga ndi nyengo.

"Chilakolako chikakugwirani tafunani bwemba," ankatero. "Nkhope yanu njokwinyika kale, palibe aone kusintha."

Ana anali atachoka kale pakhomo, ndiye iwo anatopa ndi kuphikira anthu awiri mosiyana, n'kuyamba kudya zomwe ndinkadya. Masana tinkakhala pakhonde, pakati pathu pali bowa, chisoso, mbewa zowamba, mvula ikagwa ngumbi. Mbale iliyonse ankaidandaula, koma ankaimaliza. Anamwalira kale mayiwa, ndipo ndikawakumbuka ndimawaona pakhonde paja akunyambita zala, akundinena kuti ndawasandutsa mbuzi.

Mphamvu zinabwerera pang'onopang'ono, ludzu linatha. Koma thupi linatsika. Lamba ndinamuboola mabowo awiri atsopano, ndipo akazi anganso mafupa a m'khosi anayamba kuoneka. Amene analipo zaka zimenezo akudziwa zimene anthu ankaganiza banja likamaonda limodzi kuno kumalire. Edzi inali itavuta, maliro osatha, ngakhale dzina lake anthu sankalitchula.

Tsiku lina akazi anga anabwera kuchokera kumjigo ndowa isanadzaze.

"Bambo, anzanga akumatsuka chogwirira cha mjigo ine ndikachokapo. Akuti matendawa munawatenga ku boda pamene munkagulitsa mtedza. Ndiye sankhani. Mudye munenepe, kapena mutsegule pakamwa."

"Asiyeni agalu auwe."

"Akuuwa ine, osati inu."

Ndinakhala nazo masiku atatu. Kubwerera ku shuga kunali kudzikumbira manda. Kuulula kunali ngati kuvula malaya pagulu. Ndinene zoona, kudya kunkaoneka kopepuka, ndipo mimba inkavomereza.

Loweruka ndinalowa m'tiyirumu muja koyamba patapita miyezi. Munali modzaza. Mlamu wanga, mchimwene wa akazi anga, munthu wapakamwa, anali momwemo.

"Alamu! Ife timayesa munasamukira kuphiri kwa anyani! Mayi ogulitsa, apatseni sikono awa, mphepo ingawaulutse panjinga."

Anthu anaseka, koma bambo amene ndinakhala naye pafupi anasendera, n'kukokera kapu yake kutali. Sikono inabwera pambale, yotentha, yofiirira pamwamba monga kale. Ndinaiyang'ana kanthawi, kenako ndinaikankhira kwa mlamu wanga. Ndinatulutsa pepala la kuchipatala n'kupatsa mphunzitsi wina wopuma pantchito kuti awerenge mokweza.

Anavala magalasi, anawerenga, nati, "Ndi shuga. Alembanso pano kuti achepetse zotsekemera."

"Shuga basi?" anafunsa mlamu wanga. Chiseko chinali chitamuthera. "Ndiye miyezi yonseyi mlongo wanga akusalidwa pamjigo chifukwa cha tiyi?"

"Chifukwa cha ine," ndinayankha.

Mawu otere ndinali ndisanawanenepo kwa munthu aliyense. Bambo uja anabweza kapu yake pamalo. Ndinamuyang'ana n'kukumbukira kuti nanenso ndinasenderapo chotero pafupi ndi anthu odwaladi, amene analibe pepala lowapulumutsa. Ndinaitanitsa tiyi wopanda shuga, wopandanso mkaka. Anali wowawa ngati mankhwala a malungo. Ndinamwa yense.

Nkhani inafika kumudzi ine ndisanafike. Ndinapeza akazi anga akusadzula masamba, ndipo sanadzutse mutu.

"Ndamva kuti mwaphunzira kuyankhula," anatero.

"Mawa mukatunge madzi nthawi imene anzanu amachuluka."

"Ndipita. Koma mudziwe kuti mwachedwa nazo, bambo."

Mawa lake anapitadi. Anabwerako dzuwa lili pamutu, ndowa yodzaza, akuti macheza anawachedwetsa.