Maginito a pamutu

Aneba athu okonza mawailesi pa Linthipe savomera kuti chinthu chafa asanachitsegule. "Waya wangomasuka," amatero, kaya ndi wailesi, njinga, ngakhale boma.

Akazi awo atadwala sitiroko n'kusiya kuyankhula, bambowa anamva mphekesera zoti kunja akuyesa kudzutsa ubongo ndi maginito. Anachotsa maginito m'sipika n'kumawaika pamutu pa mayiwo m'mawa uliwonse, uku akuwasimbira za zipani zatsopano ndi mitengo ya kachewere, osapumira. Anamwino anati maginitowo ngachabe, koma machezawo asaleke.

Tsiku lina mayiwo anakankha dzanja la amuna awo. "Inu... mwasokosa!"

Bambowa analira ngati mwana. Mpaka lero, ukapita ndi wailesi yakufa, umayamba wamva kaye mmene anakalipiridwira.