Tsiku Limene Rozina Anati Amutulutsa

Maganizo opita ku Joni anandibwerera ndili pabenchi ya chipatala cha boma, mkazi wanga Rozina atatsamira paphewa langa. Tinachoka ku Bangwe m'mamawa, koma dokotala tinamuona dzuwa litapendeka. Anati pakhomo la chiberekero pali chotupa, ndipo odikira opaleshoni ndi ambiri. Mankhwala oletsa ululu anangotilembera kuti tikagule tokha. Tinayesa chipatala cholipira, chokhala ndi maluwa pakhomo. Anatilandira ndi nsangala, kenako anatchula dipoziti. Ine munthu wowotcherera mageti, magetsinso akungozimazima, ndinangoseka ngati chitsiru.

"Pitani mukasake, bambo a Tadala," anatero Rozina. "Mng'ono wanga Esinati akhala gadiyani. Inu ngakhale phala simutha kuphika."

Gadiyani ndi wachibale amene amagona pansi pafupi ndi bedi la wodwala, kumusambitsa, kumudyetsa, kuthamangira namwino diripi ikatha. Kuchipatala cha boma wopanda gadiyani ndi mwana wamasiye.

Ku Joni ndinapeza ntchito ya mageti omwewo. Ndinkagona m'kachipinda ka malata, ndalama n'kumatumiza kudzera kwa madalaivala a mabasi. Yambiri inkathera ku famase ndi pa minibasi zopita kuchipatala, yotsala ndinkasungira dipoziti ija. Kusungulumwa kunandidya, sindibisa. Lamulungu ndinkapita ku misa ya chinenero chimene sindinkamva, kudikira nthawi yopatsana mtendere kuti wina andigwireko dzanja.

Rozina anamugoneka kawiri kuchipatala cha boma. Pafoni sankadandaula, ankangondiseketsa ndi nkhani za mayi wa bedi loyandikana naye amene ankakalipira ntchentche. Tsiku lina anangoti, "Anditulutsa."

Ndinavina, abale. Masiku omwewo bwana wanga anali atamutulutsa kuchipatala cha kumeneko, atamukonza bondo, akuyenda yekha. Mawu a Rozina ndinawamva ndi makutu a ku Joni. Ndinati ndipirire mpaka Khirisimasi, dipoziti ikwane, madokotala olipira akangomalizitsa zotsala. Ndinamugulira nsapato zofiira zoti akavale pa misa ya chikondwerero.

Nditatsika minibasi ku Bangwe ndi chikwama changa, ndinapeza amayi a mphakati wathu atakhala pakhonde, akuimba chapansipansi. Tadala, mwana wathu, sanandithamangire. Rozina anali pamphasa kuchipinda, atatha, mikono ngati bango.

Esinati anandikokera kuseri kwa nyumba. "Alamu, adokotala anati tikayesere kunyumba. Bedi likufunika kwa amene angachire."

"Nanga bwanji osandiuza?"

"Achemwali anandiletsa. Komanso timayesa mwamva, alamu. Si inu a konkuno?"

Funso limenelo limandilasabe. Ndine wa konkuno ndithu. Ndinaona amalume anga akuwatulutsa chomwecho, ndinanyamula nawo. Koma mtima ukafuna nkhani yabwino, khutu limagontha.

Sindinagonje. M'mawa mwake ndinachita hayala galimoto mpaka kuchipatala cha maluwa chija, dipoziti ili m'thumba. Ulendo uno panalibe kudikira. Anamupima ndi makina, anatipatsa ndi madzi ozizira omwe. Kenako dokotala anavula magalasi n'kunena kuti, "Bambo, mukanabwera naye kale." Ndinafuna kukuwa kuti tinabwera kale, tinakhala pampando womwewu.

Pobwerera Rozina anandigwira dzanja. "Musakwiye, bambo a Tadala. Sindinakunamizeni. Ananditulutsadi."

"Ndikanabwera, Rozina."

"Mukanabwera kudzalira, ntchito n'kutha. Tadala akanadya misozi yanuyo?"

Esinati ndinamuuza kuti akapume, ugadiyani ndinautenga ine. Ndinaphunzira kumutembenuza osamupweteka, kumusambitsa ndi kansalu, kuphika phala. Ankalawa pang'ono n'kunena kuti, "Mibulu yokhayokha, koma mwayesetsa." Nsapato zofiira anapempha kuti ndimuveke ali chigonere. Zinali zomukulira. Anaziyang'ana nthawi yaitali, akumwetulira. Anatisiya chimanga chisanache.

Ku Joni sindinabwererenso. Ndikuwotcherera mageti pa Bangwe pompano, magetsi akayaka. Ndinapita kutali kukasaka ndalama yotsegulira khomo limodzi, osadziwa kuti khomo linalo likumutulutsa. Masiku ano mnzanga akandiuza mosangalala kuti m'bale wake amutulutsa kuchipatala, sindifulumira kuyamika Mulungu. Ndimayamba ndafunsa kuti, "Watuluka akuyenda yekha, kapena mwachita kumunyamula?"